Njuchi pa Neti ya Mwana

Aneba athu a kuseri kwa mpanda ndi bambo wachikulire woweta njuchi, ndipo ine ndimawaopa pang'ono. Salankhulalankhula. M'mawa amakhala pafupi ndi ming'oma yawo atatsinzina, njuchi zikuwayenda m'mikono. Ukawafunsa chomwe akuchita, amati, "Ndikumvetsera Ambuye. Pemphero si kulongolola kokha ayi."

Tsiku lina masana ndinagoneka khanda langa pakhonde, m'kabedi kake ka neti, n'kupita kukaanula zovala. Pobwerera ndinapeza neti yonse ili bii ndi njuchi, zikulira ngati injini. Ndinatola tsache kuti ndizimenye.

"Amake mwana, ikani pansi tsachelo," anatero bambowo motsitsa mawu, ali pampanda. "Mukazimenya, ziluma."

"Bambo, mwana wanga afa!"

"Imani pomwepo. Pumani pang'onopang'ono, muzingoti Yesu mumtima. Yesuyo ali pakhonde pomwepo, sanachoke."

Analowa pageti mosathamanga, atanyamula bokosi. Anagwada n'kuyamba kukokololera njuchizo m'bokosimo ndi manja opanda magolovesi, milomo ikugwedezeka mwakachetechete. Mwana anadzuka n'kumenya neti ndi kaphazi, njuchi zina n'kuuluka. Ndinadziluma lilime mpaka kumva magazi, dzina lija ndikulibwereza mumtima.

Atatseka bokosi, anatulutsa mwanayo n'kundipatsa. Khandalo linalibe chotupa n'chimodzi chomwe. Apo m'pamene ndinaona dzanja lawo litatupa, mbola zikadali pakhungu.

"Zakulumani, bambo!"

"Eya," anatero. "Inenso mantha anandigwira, mwana wanga. Ndikanangosiya kupemphera, ndikanathawa."