Mzere Woperewera wa Agogo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, ndimamva fungo la matemba owamba ndi thope la m'Chilwa, ndi kugunda kwa nkhafi m'mbali mwa bwato pamene nkhungu ikuchoka pamabango. Anali msodzi. Kulemba sankadziwa, koma munthu akamwalira m'mudzi, ndakatulo yomutsanzikira ankapeka ndi iwo.

Ankaipekera panyanja, ine ndikukapa madzi m'bwato. Lamulo lawo linali louma: mzere uliwonse ukwane nkhafi zinayi. Akapalasa kanayi mawu asanathe, ankadula ena. "Mzere wautali umamiza wolakatula," ankatero m'Chichewa chawo chokokera ku Chilomwe. Mizere iwiri yotsatizana inkayenera kutha mofanana, ngati mabwato awiri okocheza padoko limodzi. Ine ntchito yanga inali kuwerenga nkhafi, ndipo sindinkaphonya.

Agogo aakazi, a Elube, atamwalira, abusa anapempha ndakatulo yokanena pa tsiku la chiliza. Tsikulo linkayandikira, koma agogo ankangopalasa duu. Anthu anayamba kunong'ona kuti mkuluyo wauma pakamwa, mkazi wake yemwe apita wopanda mawu.

M'mawa wina, tili pakati pa madzi, anayamba motsitsa:

"Mpunga wacha kudambo, wokolola palibe,
Moto wazima kunyumba, Elube."

"Agogo, wachiwiriwo waperewera. Nkhafi zitatu zokha."

"Ndamva, iwe. Sindine gonthi."

"Ndiye onjezerani mawu."

Anapalasa yachinayi osayankhula, madzi okha akulira. "Pamenepo m'pamene ankandiyankhira agogo ako. Ndiikepo yani?"

Kumanda anainena chomwecho. Atafika pampatawo anakhala chete, ndipo palibe anatsokomola.

Chaka chimene Chilwa inaphwa, matipate atangobwera, mkazi wanga naye anamwalira. Madzi opalasa kunalibe, ndiye ndakatulo yanga yomutsanzikira ndinaipima ndi khasu m'munda wa chinangwa. Mdzukulu wanga Esinati, wa kusekondale, anailemba papepala ndi kuigawa m'ndime monga amachitira kusukulu kwawo. Anawerenga maphatikizo ndi chala, kenaka anakwinya nkhope.

"Agogo, mathero akugwirizana bwino, koma mzere womaliza ndi waufupi. Ndikonze?"

Ine sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, ndipo sindine munthu wofotokoza zambiri. Ndinangomuuza kuti awerengenso mokweza, akafika pamenepo adikire.

Anawerenga. Anadikira. Kenaka anaika pensulo pansi.