Mikanda ya Mkwatibwi pa Khoma la Holo

Mpaka lero ndikakumbukira zimene anachita alamu anga, mtima umandiwawa. Ine ndimatunga mikanda kwathu kuno ku Msakambewa: ndolo, zibangili ndi ya m'khosi. Palinso ina imene sindiika pathebulo, ya m'chiuno, yomwe amayi amadzaitanitsa monong'ona mwana wawo akamakwatiwa. Imeneyo amaiona mwini wake ndi mwamuna wake basi.

Chaka chimenecho amayi a mumpingo anakonza chionetsero cha ntchito zamanja, ndipo anati aliyense apereke zithunzi zoti amate pakhoma la holo. Alamu angawo, amuna a mkulu wanga, ndi aphunzitsi, ali ndi foni yojambula bwino. Anabwera Loweruka kudzajambula mikanda yanga ine ndili kudimba. Amuna anga, osaganiza n'komwe, anawatulutsira chitini chonse cha mikanda.

Kujambulako anajambula mwaluso, sindinganame. Anayala nsalu yoyera pakhonde, n'kudikira dzuwa lipendeke kuti mikanda isathobwe m'maso. Pansi pa chitinicho anapeza zingwe zitatu za mikanda ya m'chiuno zokulunga m'kansalu, choyera, chofiira ndi chakuda. Munthu wamkulu wa ana anayi, osadzifunsa kuti bwanji izi zokha azibisa. Anakulira ku mishoni ku Mvera, m'banja limene amati zimenezi n'zachikunja, moti mkulu wanga anavula yake atangolowa m'banjamo. Ndiye iwo anangoona ngati ndi ya m'khosi yaitali. Anaikoloweka pabotolo, kansalu kaja n'kuyala pansi pake. Pakansalupo ndinali nditasokerera kapepala ka dzina la mwini wake, mwana wa mnzanga, woimba kwaya, amene ukwati wake unali utalengezedwa kale m'tchalitchi. Dzinalo linkawerengeka bwinobwino pachithunzi.

Tsiku la chionetsero ndinafika kuholo anthu atadzaza kale, chithunzicho chili pakhoma. Amayi ena anagwira pakamwa, anzake a kwaya a mtsikanayo akukodolana. Ndinakadzula chithunzicho, selotepi n'kuchoka ndi penti yomwe.

"Mlamu, mwatani?" anatero alamuwo. "Chimenechi ndiye chatuluka bwino kuposa zonse."

"Alamu, sukulu yonse ija munkaphunzirako chiyani? Kundifunsa kokha mukanathyoka mwendo?"

Ndinapsa mtima kwambiri. Amuna anga ndiye ndinatha masiku anayi osawalankhula, chifukwa iwo ntchito ya mikandayo amaidziwa bwino.

M'mawa mwake mwa chionetserocho ndinapita kwa mnzangayo kukapepesa, mikanda ili m'thumba. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anandiyalira mphasa, kundipatsa moni, kundifunsa za kudimba. Mtsikanayo anali m'nyumba, ndinkamumva akusuntha mbale, koma sanatuluke. Nditatulutsa mikandayo, mayi ake anandibweza dzanja.

"Sungani, amayi," anatero motsitsa mawu. "Wati sangavale zimene mpingo wonse waona."