Munda Woyezedwa ndi Mbewu

Chaka chimene amuna anga anamwalira, alamu anga aakulu anapempha kuti tisinthane minda ya mpunga. Wanga unali wautali ndi wowonda, wotsata mtsinje. Wawo unali wozungulira, pafupi ndi chulu. Anati wanga unagundana ndi munda wawo wina, choncho kulima kukanawapepukira. Ine ndinali ndi ana oti ndidyetse, ndipo ndinkaopa kulandira malo ochepa.

Kusekondale tinaphunzira kuyeza malo ndi chingwe, koma ku Lupembe munda umayezedwa ndi mbewu. Minda iwiri, ngakhale isiyane maonekedwe, imatchedwa yofanana ngati dengu limodzi la mbewu lathera pa malire m'munda uliwonse. Chofunika n'chakuti dzanja liwaze mofanana paliponse, gawo lililonse lilandire molingana ndi kukula kwake.

Ndinafesa wanga apongozi anga aakazi akuyang'ana, ndipo dengu linathera pa malire. Alamu anafesa wawo m'mawa mwake, ali okha, nabwera ndi dengu lopanda kanthu.

"Mlamu, ndi chimodzimodzi," anatero. "Ngakhale kambewu kamodzi sikanatsale."

"Zikomo, alamu," ndinayankha. Mkazi wamasiye satsutsa mkulu wa amuna ake pabwalo.

Mvula inagwa, mpunga unamera. M'munda wa alamu unamera bwino, motalikirana moyenera, kufikira cha kumapeto. Kumeneko kunatuluka chigamba chothithikana ngati ndevu. Zinaoneka kuti atafika pa malire anapeza mbewu yambiri ikadali m'dengu, ndipo anaikhuthula pamenepo.

Njira yopita kutchalitchi inkadutsa pambali pake. Anthu ankachepetsa liwiro, n'kupitirira. Tsiku lina tinaima pamenepo atatu: ine, apongozi ndi alamu. Apongozi anayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa mwana wawo m'Chinkhonde ngati anapunthwa pofesa.

"Mayi, ndi nthaka," anatero alamu. "Apa ndi pachonde."

"Inde, alamu," ndinavomera. "Chondecho chafanana ndithu ndi kamwa la dengu."

Palibe anaseka. Apongozi anatsokomola pang'ono, tinapitirira kukapemphera.

Tisanayambe kupalira, alamu anatuma akazi awo kudzandiuza kuti kamunda kakuseri kwa chulu kakuwatalikira, mawondo awo sakulolanso, ndiye ndikatenge pamodzi ndi wozungulirawo. Ndinawathokoza chifukwa cha chifundo chawo, ndipo ndinafunsa mmene mawondowo analili. Ndinapitiriza kuwafunsa za mawondo chaka ndi chaka, mwaulemu wonse, kufikira tsiku limene tinawaika m'manda.