Ndinkanyoza Otomatiki ya Alamu Anga

Inu owerenga, ine ndinapundula mwamuna wa mchemwali wanga. Sindinali woledzera, ndipo pakati pathu panalibe chidani. Ndinangofuna kuti anthu aone kuti lole yanga ya manyuwo, ija yosintha magiya ndi dzanja, ili ndi mphamvu kuposa yake ya otomatiki. Chifukwa chake n'chomwecho basi, ndipo ndimachita manyazi ndikamachinena.

Ndine dalaivala wa hayala. Timaimika malole athu pafupi ndi Msika wa Lilongwe kudikira ofuna kunyamulitsa simenti, malata ndi katundu wa m'nyumba. Alamu anga a Mofati, amene anakwatira mchemwali wanga Esinati, anayamba kuima nafe atagula kalole ka dizilo kochokera kunja. Tsiku loyamba nditasuzumira m'kati n'kuona kuti mulibe kilatchi, ndinaseka mpaka misozi. Kwa ine udalaivala unali phazi pa kilatchi, dzanja pa giya. Ndinkauza anzanga, eni ake ali pomwepo, kuti zimenezo n'za mabwana ovala tayi a ku Capital Hill, osati zonyamulira njerwa. A Mofati ndi munthu wofatsa. Ankangomwetulira n'kumapukuta galasi lawo, ndipo kufatsa kwawoko ndiye kunkandiwonjezera mwano.

M'mawa wina bambo wina wogulitsa zomangira mu Old Town anatipeza. Kuseri kwa nyumba yake ku Area 47 kunali kontena yachitsulo imene ankasungiramo katundu. Anali ataigulitsa, koma galimoto yaikulu yodzainyamula sikanatha kudutsa pakati pa nyumba ndi mpanda. Panafunika kuikwekwereza pansi mpaka pageti. Anati akufuna malole awiri kuti ina ikalephera ina iyese, ndiye tinapita ine ndi alamu anga.

Anayamba ndi iwowo. Tinamanga unyolo, iwo n'kuponda moto pang'onopang'ono. Unyolo unakungika, ndipo kontena ija, imene inali itakhazikika m'dothi kwa zaka, inayamba kusuntha. Otomatiki ili ndi khalidwe limenelo: imakoka mosalekeza, siigwedeza, ndipo injini siizima. Maso anga anaona, koma mtima unakana. Itayenda pang'ono, kontenayo inakodwa pa muzu wa mango. A Mofati anatsika n'kunena kuti magiya atentha, apume kaye, ndipo podikira tilowetse mitengo pansi pa kontena kuti izigubuduka.

Ankanena zoona. Koma omanga nyumba yoyandikana nayo anali atakwera pampanda kuonerera, ndipo mmodzi anakuwa kuti tibweretse galimoto yachimuna. Mawu amenewo anandikomera ngati andithira uchi m'khutu. Ndinamasula unyolo ku lole ya alamu anga n'kuumanga ku yanga.

Ndinalowetsa giya yoyamba, n'kumasiya kilatchi pang'onopang'ono. Kontena sinasunthe n'komwe. Fungo la kilatchi yopserera linadzaza m'galimoto, kenako injini inazima. Pampanda paja panabuka chiseko. Inu owerenga, chiseko chimenecho ndimachimva mpaka lero, ndipo ndikanangochipirira, bwenzi pano ndilibe nkhani yokuuzani.

Pali njira ina imene ife a manyuwo timaidziwa, ndipo timadziwanso kuti njoopsa. Umabwerera m'mbuyo kuti unyolo ukhwepe, n'kuponda moto kwambiri, kenako n'kusiya kilatchi kamodzin'kamodzi kuti galimoto idumphe ndi mphamvu zake zonse. Ndikubwerera m'mbuyo choncho, a Mofati anabwera pawindo.

"Alamu, musatero, unyolowu ndi wakale. Tadikirani ndiike mtengo umodzi wokha."

"Chokani apo, muone mmene anzanu amakokera," ndinatero.

Anachokadi pawindopo. Ine sindinayang'ane pagalasi kuti ndione kumene apita. Anali atawerama pakona ya kontena ndi mtengo uja m'manja.

Ndinasiya kilatchi. Panamveka kuti phwaa! Lole inadumphira kutsogolo mopepuka, moti kwa kamphindi ndinakondwera, ndimvekere yatheka. Kenako ndinamva anthu akukuwa. Unyolo unali utadukira cha kwa ine n'kubwerera ngati chikoti, ndipo unawapeza alamu anga pamwendo wakumanzere, kunsi kwa bondo. Zimene ndinaona pamwendopo sindilemba.

Lole yanga sikanathanso kuyenda, kilatchi inali itatheratu. Tinawanyamulira m'kalole kawo komwe, ndipo woyendetsa ndinali ine. Kanali koyamba kugwira otomatiki. Njira yonse phazi langa linkangofufuza kilatchi pamene palibe, iwo akubuula pambali panga. Galimoto imene ndinkainyoza ija inatifikitsa kuchipatala osavuta. Madokotala anayesetsa kwa masiku angapo, koma mapeto ake mwendo anaudula.

Akuluakulu amati samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Chondipweteka n'chakuti wosamva ndinali ine, koma nkhwangwayo inagwera munthu amene ankandichenjeza.

A Mofati anandikhululukira, ndipo ndinene zoona, akanandizenga mlandu bwenzi mtima wanga utapepukako. Atachira anabwerera pamsika paja. Amathabe kuyendetsa, poti galimoto yawo imangofuna phazi lakumanja. Chimene sangathe n'kukwera kumbuyo kukamanga katundu, ndiye ndimasiya hayala yanga n'kukawamangira. Amandithokoza nthawi zonse. Ine ndimayang'ana kumbali.

Madalaivala anzanga, mkangano wa manyuwo ndi otomatiki uzithera pakamwa. Iliyonse ili ndi ntchito yake, ndipo pokoka chinthu cholemera chimene chaima, yodekha ija ndiyo yabwino. Musadumphitse galimoto unyolo uli wokhwepa. Musanasiye kilatchi, tsikani muone ndi maso anu amene ali kumbuyo. Ndipo oonerera akamakuchemererani, kumbukirani kuti zikavuta iwo amangotsika pampanda n'kubwerera kuntchito zawo. Omanga aja sindidziwa ngakhale dzina la mmodzi.

Inu amene simuyendetsa, musaganize kuti nkhaniyi siikukukhudzani. Ngati pali munthu wofatsa amene mumamuseka tsiku ndi tsiku chifukwa sabwezera, siyani lero.

Mchemwali wanga Esinati sanandilankhulebe. Tikakumana pamaliro amapereka moni kwa onse, akafika pa ine amadutsa. Mawu ake omaliza kwa ine anandiuza pakhonde la chipatala, tsiku limene anadula mwendo. Sanatukwane, sanalirenso. Anali atanyamula nsapato imodzi ya mwamuna wake m'jumbo, ndipo anangondifunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye munapambana, achimwene?"