Kombi Yomwe Inakulira mu Garaja ya a Lemson

A Lemson Chirwa a ku lokesheni ya Sizinda akhala akukonza magalimoto pansi pa mtengo wa mango kuyambira unyamata wawo. Bambo awo, omwe anachokera ku Nyasalande kudzagwira ntchito ya njanji, anawasiyira nyumba, kabwalo, ndi khalidwe losakhulupirira tepi yoyezera. A Lemson amayeza bawuti ndi bawuti inzake, paipi ndi paipi inzake.

Chaka chatha, atatopa ndi mvula yowalowa m'khosi, anaganiza zomanga garaja pambali pa nyumba. Mkangano unabuka pa kutalika kwa denga. Iwo ankafuna lalitali ndithu, koma akazi awo, a Erica, anakanitsitsa.

"Bambo a Nobuhle, mukakweza khoma limenelo dzuwa silifikanso pa repu wanga. Tizidya masipanala?"

Anagwirizana kuti denga lingokwana galimoto yaitali kuposa zonse mwa makasitomala awo, basi. Imeneyo inali kombi ya alamu awo a Levi, onyamula katundu wa anthu kuchokera ku Joni. A Lemson anaiimika pamalopo, naika chibakera pamwamba pake, nauza womanga kuti mtanda wa pakhomo udutse pamenepo. Kuti tisawanamizire, anabwereza kuyezako, ndipo chibakera chinali chomwecho.

Chimene sanachiganizire n'chakuti kombiyo inali itasenza mafiriji ndi masofa kwa zaka zambiri. Masipuling'i ake anali atafa kale, moti inkayenda chonyonyomala ngati bakha.

Loweruka lotsegulira garaja, ntchito yoyamba inali kombi yomweyo: kuika masipuling'i atsopano. Inalowa bwinobwino. A Lemson anaigwira ntchitoyo mwaluso, natsitsa jeke. Koma kombi sinatsike nayo.

"Hayi bo, sibali!" anakuwa a Levi, poti kumeneko mlamu amati sibali. "Galimoto yanga yakula!"

Anayesa kuibweza, denga lake linagunda mtanda. Anachotsa mpweya m'matayala, linakhudzabe. A Levi ankayenera kunyamuka masana omwewo, ndipo anayamba kuyang'ana mtandawo ndi maso a munthu wofuna hamala.

"Gwetsani, sibali. Apo ayi bwezeranimo akale aja."

A Lemson anatuluka thukuta. Kugwetsa mtanda tsiku lotsegulira, msewu wonse ukuona, kukanakhala kudzichotsera dzina. Ndani angapereke injini yake kwa makaniko wolephera kuyeza khomo lake lomwe?

Tsikulo amayi a bungwe lothandizana pa maliro ankakumana pabalaza pa a Erica. A Erica anatuluka, anayang'ana mtanda, anayang'ana amuna awo nthawi yaitali ndithu, kenako anabwerera m'nyumba.

"Amayi, pepani, tikamalizire msonkhano m'kombi."

Anakwera mmodzimmodzi, atavala yunifolomu zawo, kombi n'kumatsika pang'onopang'ono. Panatsala kachala kokha. Onse anacheukira wapampando wawo, mayi Evelina, amene Mulungu sanawamane thupi.

"Mukundiyang'ana chiyani ineyo?" anafunsa mayiwo.

"Ndi ulemu chabe, mayi," anatero a Lemson, chipewa chili m'manja. "Wapampando amakhala kumbuyo, pamwamba pa tayala."

"Iwe Lemson, ndinakubereka kumsana ine. Ulemu wakowo ndikuudziwa."

Anakwerabe. Kombi inabuula, n'kutsika, n'kutuluka osakanda utoto. Amayi aja chifukwa cha chisangalalo anayambitsa nyimbo, ndipo poti nyimbo zomwe amaziimba pamodzi ndi za maliro, anthu oyandikana nawo anathamangira kudzafunsa kuti wamwalira ndani.

Mtanda ulipobe pamene chibakera chinauika, ndipo repu wa a Erica akukula bwino. Tepi a Lemson sanagulebe. Kungoti munthu akabwera ndi kombi yofuna masipuling'i, amayamba alowa m'nyumba kukafunsa kuti amayi a bungwe akumana liti, kenako n'kumuuza tsiku loti abwere.