Ndinafinya Dzanja la Abwana

Azakhali ndinawauza kuti abwana sindinawapeze. Linali bodza. Ndinawapeza ndithu.

Nzeru yake ndinaitola mu vidiyo ku Chibanja. Mufilimumo, mnyamata wofuna ntchito analowa mu ofesi popanda odi, n'kugwira bwana dzanja mwamphamvu, akumuyang'ana m'maso. Ntchito anaipeza. Ine wokulira kumudzi, wozolowera kuyankhula ndi akuluakulu nditazolika, ndinayeserera sabata yathunthu pa chogwirira cha chitseko.

Lachinayi ndinapita ndi kalata yanga yofunsira ntchito kusitolo ina ya zitsulo m'tauni. Abwana ake anali a msinkhu wa amayi anga. Ndinawafinya dzanja n'kunena kuti: "Ntchito imeneyi ndi yanga."

"Iwe mwana, ukufuna ntchito kapena ndewu? Leka woko lane! Siya dzanja langa!"

Maondo anangochita zawo. Ndinagwada, dzanja lawo ndisanalisiye. Makasitomala anaseka chomene, ndipo kalata ndinabwerera nayo m'thumba.

Manyazi ndili nawo, koma filimuyo sindiiimba mlandu, poti popanda iyo ndikanathera pageti. Lolemba ndikupitanso, ndikapereka kalatayo ndi manja awiri. Aseke ngati akufuna. Mwa onse ofuna ntchito pamenepo, amene abwanawo sangamuiwale ndine.