Nthochi Zimene Ndinabwera Nazo Kumudzi

Nthochi zathu zinayamba kudwala chaka chachiwiri nditazibzala. Masamba ankatuluka ang'onoang'ono, othithikana pamwamba ngati tsache, ndipo mkoko sunkaoneka. Kwathu kuno kufupi ndi Milonde nthochi ndiye sopo, ndiye mchere, ndiye yunifomu ya mwana, choncho mtima unandiuluka.

Ine ndine munthu wa phuma, sindibisa. Sindinakhale pansi kudzifunsa kuti vutoli lachokera kuti. Ndinathira manyowa a mbuzi, sizinasinthe. Ndinawaza phulusa, ndinadula zodwalazo n'kuzula ana ake pomwepo kukabzala kumunsi kwa munda, nazonso zinatuluka zopinimbira. Posakhalitsa minda ya anzanga inayambanso chimodzimodzi. Munda umodzi wokha, kutsidya kwa kamtsinje, ndi umene unali wobiriwira, mikoko ikulendewera mpaka kuichirikiza ndi mphanda. Unali wa atsibweni anga, mchimwene wawo wa malemu mayi, amene ankatiyang'anira ife ana a mlongo wawo.

Tsiku lina anandipeza m'munda ndili thukuta kamukamu. Anayang'ana tsinde limodzi nthawi yaitali.

"Iwe mbumba yanga, mbewu imeneyi unaitenga kuti?"

"Mukufunsiranji, atsibweni? Zanu si zili bwino?"

"Ndangofunsa. Tiyambire pamenepo tisanathire china chilichonse."

Ndinawayankha mwamwano kuti mbewu ilibe mlandu. Ndinali nditaitenga kwa mnzanga ku Chinakanaka, nthochi zazifupi zobereka msanga, ndipo ndinkainyadira. Kuno mwana wa nthochi sitimana munthu, wapempha umamukumbira. Ine ndinagawira pafupifupi mudzi wonse, aliyense akundithokoza. Atsibweni okha ndi amene anakana, amvekere zawo zamakolo zikuwakwanira.

M'mawa mwake ndili pamjigo ndinalankhula mawu amene ndimadana nawo mpaka lero. Ndinati, "Inu simukudabwa kuti tonse tikulira, munthu mmodzi yekha akukolola?" Dzina sindinatchule, koma panalibe amene anafunsa kuti ndikunena ndani. Pofika Lamulungu nkhani inali itamera miyendo, akuti mkuluyo akukoka zokolola za anthu ndi mankhwala ochokera ku Mozambiki. Kutchalitchi benchi lawo linkakhala lopanda anthu. Pamaliro akafika pamene pakhala amuna, nkhani inkazima. Kenaka anthu ena anakawasadzira nthochi zonse ndi zikwanje. Ine ndinamva, ndipo mumtima ndinati zawakwana.

Atsibweni sanakangane ndi munthu. Anamanga katundu wawo panjinga n'kuwoloka mtsinje wa Muloza kupita kwa mwana wawo wamwamuna kutsidya, ku Mozambiki.

Mvula itatha kunabwera mlangizi wa zaulimi, mayi wamng'ono thupi wovala majombo. Anatembenuza khwaule la nthochi n'kutionetsa tinsabwe takuda tili mbwee. Anati matendawo ndi chisaka, tinsabweto timawatenga pa nthochi yodwala kupita nawo pa ina, koma amayenda mtunda wautali ndi anthu onyamula mbewu. Mankhwala ake palibe, koma kuzula zonse ndi mizu yomwe n'kutentha. Atatero anafunsa kuti mbewu yaifupiyi inalowa bwanji m'mudzi muno. Amayi onse anatembenukira kwa ine. Ndinamva manyazi oti bola nthaka ikanang'ambika.

Ndinawoloka Muloza ndi nkhuku m'manja. Ndinawapeza atsibweni ataonda, akusenda chinangwa pakhonde la nyumba ya eni. Ndinagwada n'kufotokoza zonse, misozi ili chuchuchu.

"Ndamva, mwana wa mlongo wanga," anatero. "Ine ndilibe nawe chifukwa. Koma unakayambira pamjigo. Ukanene pomwepo."

Ndinakanena, kawiri konse, ndi kutchalitchi komwe ndinaimirira. Anthu anangondiyang'ana. Mayi wina amene ndinamugawira mbewu ndi manja angawa anati, "Alangiziwo akudziwa za nsabwe, koma amene anazituma sakumudziwa." Enawo anagwedeza mitu kuvomereza. Bodza langa analilandira tsiku limodzi, zoona anazikana ndikuwachonderera.

Ndinkati ndidzapitanso tikatha kukolola nandolo, ndikawatenge ndithu, adzakhale ngakhale m'nyumba mwanga. Ndisanapite kunabwera mwana wawo uja, osakhala n'komwe pampando umene ndinamupatsa. Anati bambo ake anamwalira sabata yatha ndipo anaikidwa konko.

Kwathu mwamuna amagona kumanda a kwa amayi ake, pafupi ndi alongo ake, ndipo ife mbumba ndi amene timamulira poyamba. Ndinafunsa chifukwa chake sanatitumire uthenga kuti tikatenge thupi.

"Anakaniratu okha," anatero. "Anati musakandivutitsire anthu, angadzasowe woti n'kukumba manda a mfiti."